Ku Cerveteri akufa ali ndi misewu yawo

Aroma asanayambe kutchuka, chigawo chapakati cha Italy, komwe pano kuli Tuscany ndi kumpoto kwa Lazio, kunali anthu otchedwa Aetrusika, eni ake ankadzitchula kuti Rasenna. Nyumba zawo zinali zamitengo ndi njerwa zosaotcha, ngakhale makachisi awo chimodzimodzi, ndiye zambiri zinatha kalekale, kunangotsala maziko ndi zidutswa za dongo lootcha za padenga. Koma manda? Manda alipo mpaka lero, chifukwa amenewo ankachita kuwasema m'thanthwe.

Ku Cerveteri, tauni ya kufupi ndi Rome, kuli manda a Aetrusika otchedwa Banditaccia ndipo ukaona zithunzi zake sungati ndi kumasano, ndi tauni yeniyeni, misewu ilipo, zitseko zilipo, mkati zipinda, mabedi amwala, denga analisema kuti lizioneka ngati lili ndi mitanda yamatabwa pomwe zonse ndi mwala umodzi. Ife tikamanga chiliza cha matailosi timati tagwira ntchito, awa ankamangira banja lonse nyumba pansi pa nthaka. Amene amandisangalatsa kwambiri ndi manda a banja la Matuna, otchedwa Tomba dei Rilievi, a chakumapeto kwa zaka za m'ma 300 BC. Pazipupa ndi pazipilala anaumbapo katundu wa m'nyumba ngati wangopachikidwa dzulo, nkhwangwa, mipeni, zingwe zokulungidwa, zishango, zipewa zankhondo, ziwiya zakukhitchini, mapilo pabedi, ndipo pansi pa bedi lina pali masilipasi, kudikira mwini wake adzuke. Amene anaganiza zoikapo masilipasiwo ndimam'patsa ulemu ndithu.

Kale kwambiri, cha m'ma 800 BC, ankawotcha mtembo n'kuika phulusa mumtsuko, ndipo mitsuko ina ankaiumba ngati kanyumba. Ganizo la nyumba linayambira kumeneko.

Ku Tarquinia, mzinda wina wa Aetrusika, ndiye kuli zopenta. Manda alipo pafupifupi 6,000, mwa amenewo pafupifupi 200 ndi opentedwa, ndipo malo awiriwa, Cerveteri ndi Tarquinia, bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2004. M'manda a Akambuku, otchedwa choncho chifukwa cha akambuku opentedwa pachipupa, a cha m'ma 470 BC, mulibe munthu wolira, anthu atsamira pamabedi akudya, vinyo akuyenda, wina akuliza chitoliro, phwando basi. Azimayi ali pomwepo limodzi ndi amuna, zomwe Agiriki zinkawanyansa, mpaka wolemba wina dzina lake Theopompus anawanena azimayi a Chietrusika zoipa zambiri, ine ndimangoona ngati miseche ya anansi. Taonani bokosi la maliro la dongo lootcha la cha m'ma 520 BC lomwe lili kunyumba yosungira zinthu zakale ya Villa Giulia ku Rome, mwamuna ndi mkazi atsamira limodzi, dzanja la bamboyo lili paphewa la mayiyo, onse akumwetulira. Ndipo pamanda ambiri ankalemba dzina la mayi wa womwalirayo, osati la bambo lokha.

Chimwemwechi sichinakhalitse. Aroma atalanda mzinda wa Aetrusika wa Veii mu 396 BC zinthu zinayamba kuwathina, ndipo pazopenta za m'manda a zaka zotsatira pamapezeka kwambiri Charun, chimzukwa cha khungu labuluu chonyamula hamala, ndi Vanth wamapiko wonyamula muuni. Kaya ndi nkhondozo zinasintha mitima yawo kaya ndi chikhulupiriro chinangosintha pachokha, akatswiri amatsutsanabe.

Chondiwawa n'choti manda ambiri anafukulidwa ndi akuba, ku Italy amawatcha tombaroli, ndipo miphika ndi golide zinakathera m'manyumba a anthu olemera kunja popanda wodziwa kuti chinthu chakuti chinachokera m'manda ati.