Chifukwa chake ndimapezera nyumba anthu amene anagwirira ana

Ndimagwira ntchito kukhonsolo kuno ku England, ku ofesi yopezera anthu nyumba. Mafayilo ena amene amafika pa desiki panga ndi a anthu otuluka kundende, amene anamangidwa chifukwa chogwirira ana kapena amayi. Achemwali anga ku Zomba atamva anandifunsa kuti, "Munthu wotereyo mpaka kumufunira pogona?" Eya, ndimamufunira.

Kuno kuli dongosolo loyang'anira anthu otere akatuluka kundende, lotchedwa MAPPA. Linabwera ndi lamulo la mu 2000, n'kulimbitsidwa mu 2003. Otsogolera ndi apolisi, a probation (oyang'anira khalidwe la omangidwa akatuluka) ndi akundende, koma ife a nyumba, achipatala ndi osamalira ana lamulo limatikakamiza kugwira nawo ntchito. Nkhani ikakhala yovuta timakumana pa tebulo limodzi. Wapolisi amanena zimene anapeza atamuyendera munthuyo mosayembekezereka, ngakhale za mufoni mwake. Wa probation amawerenga malamulo amene anatulukira: asayandikire sukulu, asalankhule ndi amene anamulakwira. Ine ndimatambasula mapu n'kuloza kuti fulati iyi ayi, kuseri kwake kuli bwalo losewerera ana, ndipo masitepe ake ndi amodzi ndi a banja la ana aang'ono. Zimenezi wapolisi sangazidziwe payekha.

Munthuyo amayenera kukalembetsa kupolisi pasanathe masiku 3 atatuluka, akasamuka, komanso chaka chilichonse. Koma kaundula ameneyu amadalira adiresi.

Mu 2000, Sarah Payne, mtsikana wa zaka 8, anaphedwa ndi munthu amene anamangidwapo kale pa mlandu wokhudza mwana. Nyuzipepala ya News of the World inasindikiza mayina ndi zithunzi za ogwirira ana, ndipo ku Paulsgrove, ku Portsmouth, anthu anagenda nyumba, mpaka mabanja osalakwa anathawa. Mkwiyo umenewo ndimaumva, inenso ndine mayi. Komabe munthu akathamangitsidwa sasungunuka. Amakagona pa sofa kwa mnzake, mwina m'nyumba ya ana, ndipo wapolisi sadziwanso khomo logogoda.

Makolo anzanga, kuyambira 2011 mungathe kufunsa kupolisi za munthu amene amakhala pafupi ndi mwana wanu, kaya ndi chibwenzi chatsopano kaya wokusungirani ana. Dongosolo limeneli amati Sarah's Law, pokumbukira Sarah Payne uja. Apolisi akaona kuti mwana ali pa chiopsezo amauza amene angamuteteze, mwachinsinsi, ndipo wouzidwayo saloledwa kuzifalitsa pa WhatsApp.