Malikisi awiri pa munthu mmodzi: zomwe ndaphunzira pa parallel bars

Mu kosi yomwe ndikuchita yokwezera maphunziro anga a uphunzitsi, teremu ino tili pa mutu wa kayesedwe ka ophunzira. Ntchito yomwe tapatsidwa ndi yoti aliyense asankhe masewero omwe wopambana sadziwika ndi zigoli kapena wotchi koma ndi malikisi a majaji, kenako afotokoze momwe malikisiwo amaperekedwera. Anzanga ambiri pa gulu lathu la WhatsApp athamangira ku nkhonya. Ine ndatenga gymnastics ya amuna, makamaka mpikisano wa pa parallel bars. Chifukwa chake si chakuya ayi. Kuno ku Senga Bay anyamata amatembenuka m'malere pamchenga dzuwa likapepa, ena amayenda ndi manja chadodolido kuchokera pomwe pali mabwato mpaka kumadzi, ndiye ndinkafuna kudziwa kuti anthu omwe zoterezi ndi ntchito yawo amayesedwa bwanji.

Kwa amene simunaonepo, parallel bars ndi mitanda iwiri yogonekedwa moyandikana, uliwonse wotalika masentimita 350, yokwezedwa mamita awiri kuchokera pansi. Mpata wa pakati pake wosewera amausintha yekha, kuyambira masentimita 42 mpaka 52, molingana ndi mapewa ake. Mitandayi siyouma gwaa. Imapindika pang'ono n'kubwerera, ndipo waluso amadikira kubwererako kuti kumuponye m'mwamba. Amuna amapikisana pa zida zisanu ndi chimodzi, ichi ndi chimodzi mwa izo, ndipo akazi sachigwiritsa ntchito pa mipikisano.

Anayambitsa chidachi ndi mphunzitsi mnzathu, Friedrich Ludwig Jahn wa ku Germany, yemwe anatsegula bwalo la masewero olimbitsa thupi ku Hasenheide mu mzinda wa Berlin mu 1811. Pa Olimpiki yoyamba ya makono ku Athens mu 1896 mpikisanowu unalipo kale, ndipo anapambana ndi Alfred Flatow wa ku Germany komweko. Poti anali Myuda, anadzafera mu msasa wa chipani cha Nazi wa Theresienstadt mu 1942. Zimenezi sizikulowa mu ntchito yanga ya kusukulu, koma nditaziwerenga ndinayamba ndaika kaye foni pansi.

Tsopano ku malikisi, komwe kwagona nkhani. Kale wosewera ankalandira nambala imodzi yosapitirira 10. Kuyambira mu 2006 bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse la FIG linagawa nambalayo pawiri, ndipo majaji nawonso ali m'magulu awiri.

Gulu loyamba limapereka malikisi otchedwa D. Iwowa safuna kudziwa ngati mwachita mokongola, amangolemba zomwe mwachita ndi kulemera kwake. Kasewero kalikonse kali ndi chilembo chake m'buku la malamulo: ka A ndi 0.1, ka B ndi 0.2, kumakwera choncho. Mpaka mu 2024 ankawerengera timasewero khumi, kuphatikizapo kotsikira. Amaonanso ngati wosewera wasakaniza mitundu: zochita atadzichirikiza ndi manja pamwamba pa mitanda, zochita mikono itagona pamitanda, zolendewera kunsi, ndi katsikidwe. Timasewero tambiri tili ndi maina a anthu omwe anayamba kutichita pa mpikisano waukulu. Kodziwika kwambiri ndi Diamidov, dzina la Sergei Diamidov wa ku Soviet Union: munthu amaponya thupi kutsogolo, kusiya dzanja limodzi, kuzungulira kamodzi pa dzanja lotsalalo n'kukathera chadodolido manja onse atagwiranso.

Gulu lachiwiri limapereka malikisi otchedwa E. Awa amayamba kukupatsani 10 yathunthu, kenako n'kumadula. Cholakwa chaching'ono 0.1, chapakati 0.3, chachikulu 0.5, kugwa 1.0. Bondo likapindika pomwe liyenera kuongoka, adula. Miyendo ikatayana, adula. Mukaima chadodolido n'kusuntha dzanja kuti musagwe, adula. Potera pansi mukaponya phazi limodzi kutsogolo, adulanso. Malikisi a jaji yemwe wapereka ambiri kuposa onse ndi a yemwe wapereka ochepa kuposa onse amatayidwa, amatenga apakatiwo, kuti jaji wokondera kapena wankhanza asaononge munthu payekha. Pomaliza amaphatikiza D ndi E.

Kuwerenga malamulo n'kwina, kuona ndi maso n'kwinanso. Ndinagula bandulo ya usiku, n'kutsitsa mavidiyo a mafainolo a ku Tokyo ndi ku Paris, ndipo ndakhala ndikuwaonera mochedwetsa, kope lili pamwendo. Mu fainolo mumalowa anthu asanu ndi atatu, dziko limodzi osapitirira awiri. Ukamaonera pa liwiro lake lenileni onse amaoneka ngati akuchita zofanana, ndipo zonse zimatha mphindi imodzi isanakwane kapena itangokwana. Ukachedwetsa m'pamene umayamba kuona chala cha kuphazi chomwe sichinaongoke, chigongono chomwe chagonja pang'ono, dzanja lomwe lakwawa kachidutswa pamtanda.

Ndiye pali Zou Jingyuan wa ku China. Mkuluyu anatenga golide pa Olimpiki ya ku Tokyo, yomwe inachitika mu 2021, ndi malikisi 16.233, pomwe D inali 6.9 ndipo E inali 9.333. Wachiwiri, Lukas Dauser wa ku Germany, anapeza 15.700, ndipo wachitatu anali Ferhat Arıcan, yemwe anapatsa dziko la Turkey mendulo yake yoyamba ya gymnastics pa Olimpiki. Ku Paris mu 2024 Zou anabwerezanso ndi 16.200, kusiya Illia Kovtun wa ku Ukraine pa 15.500 ndi Shinnosuke Oka wa ku Japan pa 15.300. Pa masewero omwe anthu amasiyana ndi tizigawo tating'onoting'ono, 0.7 ndi phompho.

Chomwe chinandigwira mtima pa iye si kutembenuka m'malere, poti onse amatembenuka. Ndi momwe amaimira. Akafika chadodolido amangoti zii, mapewa atatseguka, thupi lili tsoo kuchokera m'manja mpaka kunsonga kwa zala za kumapazi, miyendo yomatana ngati ndi umodzi. Ena amafika pamenepo akulimbana nalo thupi, umaona msana ukukhota, manja akufunafuna pogwira. Iye amafika ngati malowo amamudikira. Akauluka n'kugweranso pamitanda ndi mikono, zomwe kwa ena zimamveka kuti phuu mitanda n'kugwedezeka, iye amapitiriza kuyenda osataya kanthawi. Cholembera changa chinkangokhala m'manja, chosowa chodula. Ndimaona kuti mendulo zake zambiri zili mu zinthu zomwe woonera wamba sangaziombere m'manja.

Kanthu kena komwe kanandisangalatsa: asanakwere, osewera ambiri amapaka uchi m'manja, kenako choko. Uchi weniweni wa njuchi. Pa chida ichi savala zikopa za m'manja monga achitira pa mtanda wachitsulo kapena pa mphete, ndipo mitanda ya parallel bars ndi yonenepa, choncho polendewera kunsi amafuna chomata. Chokocho si chathu cha pa bolodi, ndi ufa wa magnesium carbonate womwe umayamwa thukuta. Kutentha kwa ku Salima kuno mu Okutobala, ndikhulupirira angathe thumba lathunthu.

Gawo lomwe ndalembapo kwambiri ndi la ku Athens mu 2004, nthawi ya malamulo akale aja. Mu fainolo ya zida zonse zisanu ndi chimodzi, Paul Hamm wa ku America anagwa pa chida cholumphira n'kutsikira pa nambala 12, koma anadzuka bwino pa zida ziwiri zomaliza n'kupambana ndi 57.823. Kim Dae-eun wa ku South Korea anapeza 57.811, ndipo mnzake Yang Tae-young anapeza 57.774. Pambuyo pake zinadziwika kuti pa parallel bars majaji anamuyambitsira Yang pa 9.9 m'malo mwa 10, poti nthawi imeneyo nambala yoyambira kudulapo inkadalira kulemera kwa timasewero ta munthu. Anachita kasewero kotchedwa Belle, iwo n'kulemba Morisue. Tonse tiwiri ndi kutembenuka kawiri chagada n'kugwera pamikono, koma Belle umayambira kunsi ukulendewera pomwe Morisue umayambira pamwamba, ndipo kulemera kwake kunali kosiyana. Mukabwezera 0.1 uja, Yang akufika 57.874, kuposa Hamm.

FIG inavomera kuti majaji analakwitsa ndipo inaimitsa atatu, koma sinasinthe zotsatira. Nkhani inakafika ku khoti la zamasewero la CAS ku Lausanne, lomwe mu Okutobala chaka chomwecho linagamula kuti golide akhalebe wa Hamm. Mfundo ina inali yoti dandaulo linabwera mpikisano utatha kale. A ku America nawo ankanena kuti vidiyo yomweyo ikuonetsa cholakwa china cha Yang chomwe majaji sanadule.

Yang ndimamumvera chisoni kwambiri. Koma nditaganizira, chigamulocho sindikuchitsutsa. Ukatsegulanso pepala la munthu mmodzi kuti ukonze cholakwa chimodzi, chilungamo chikufuna utsegule mapepala a onse ndi zolakwa zonse, ndiponso palibe angadziwe kuti Yang akadachita bwanji pa chida chomaliza akadadziwa kuti ali patsogolo. Chomwe ndikuona kuti chinali chofunika ndi njira yodandaulira msanga, zinthu zisanazizire. Lero mphunzitsi wa wosewera ali ndi ufulu wodandaula za malikisi a D pomwepo, nthawi yake ndi yochepa, ndipo majaji amaonanso vidiyo. Za E sangadandaule. Nzeru yake ndi yomveka: funso loti munthu wachita Belle kapena Morisue lili ndi yankho limodzi, pomwe funso loti bondo lapindika kwambiri kapena pang'ono ndi la diso la jaji.

Apa m'pomwe nkhaniyi yakumana ndi makope anga a Sitandade 7. Ndikapereka chimangirizo, pali mtsikana wina amalemba ziganizo zifupizifupi, mawu omwe akuwadziwa bwino, osalakwitsa kanthu. Pali mnyamata wina, mwana wa msodzi, amalemba za mwera utawapeza pakati pa nyanja usiku, amaikamo zokambirana, amayesa mwambi, ziganizo zake n'zazitali ndipo zina zimasochera panjira. Ambirife tinazolowera kuchonga ndi cholembera chofiira chosaka zolakwa, ndiye kuti timangokhala majaji a E okhaokha. Mtsikana uja amapeza zambiri, mnyamata uja pepala lake limabwerera lofiira psuu. Teremu yotsatira naye amayamba kulemba ziganizo zifupizifupi, ndipo mwera uja sutulukanso.

Mu ntchito yanga ndalemba kuti chimangirizo chikhoza kuchongedwa ndi mizere iwiri, wina wa zomwe mwana wayesa, wina wa momwe wazichitira, ndipo mwanayo aziona manambala onse awiri, osati kuphatikiza kwake kokha. Mtsikana uja adziwe kuti ukhondo wake ndi wabwino koma akuopa kukwera. Mnyamata uja adziwe kuti wakwera ndithu koma miyendo ikutayana.

Sindikunena kuti njirayi ilibe vuto. Ku gymnastics komweko anthu akhala akudandaula kuti chichotsereni 10 uja, osewera ena amangounjika zovuta, poti D ilibe malire, mwakuti munthu akhoza kugwa n'kupambanabe mnzake yemwe wachita zosavutirapo mwaukhondo. M'kalasi zikhoza kutero, mwana n'kumathira miyambi paliponse ngati mchere kuti mzere woyamba unenepe. Zou akusonyeza kuti ziwirizi zimatheka pa munthu mmodzi, koma anthu ngati iye ndi owerengeka.

Vuto lalikulu ndi la manja. Nditawafotokozera aphunzitsi anzanga achikulire tili pansi pa mtengo nthawi ya buleki, anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, kumeneko majaji gulu lonse akuyang'ana munthu mmodzi. Inu muli nokha ndi makope opitirira zana, ndiye mukufuna muziwerenga lililonse kawiri?" Sakunama. Ndaona kuti ndiyambe ndi chimangirizo chimodzi chokha pa teremu, ndipo ndisanapereke mutu ndilembe pa bolodi zinthu zomwe zikulowa mu mzere woyamba: zokambirana, kufotokoza malo, mwambi wogwirizana ndi nkhani, mawu olumikiza ziganizo. Mwana akaona kuti anaika zokambirana koma sindinamuwerengere, abwere ndi kope lake tsiku lomwelo tionere limodzi. Za mzere wachiwiri ndidzamufotokozera pomwe ndadula ndi chifukwa chake, koma nambalayo siisintha.