Kachipewa kaja katha, ngakhale kali ndi bowo

Abale inu, kachipewa ka mwana kamene ndimaluka katha! Ndinakayamba mu Juni pomwe alamu anga anachira mwana wamkazi, nthawi ija Mzuzu imazizira mpaka m'mafupa, kuno ku Chibavi chifunga osachoka mpaka 9 koloko, ndiye ndinati ine azakhali athunthu sindingakaone mwana chimanjamanja. Ndimaona ngati ndi ntchito ya wiki imodzi. Ndamaliza dzulo, mu Ogasiti.

Ulusi sindinagule watsopano ayi, ndinatola juzi yachikasu pa kaunjika ndikuimasula. Ulusi womasula umakhala wopotanapotana ngati tsitsi loti mwangomasula kumene, ndiye mayi a landilodi anandiuza kuti ndiukulunge kumsana kwa mpando, ndiuviike m'madzi ofunda kenako ndiyanike, ndipo unawongokadi. Zolukira zinali masipoko awiri a njinga, anandinolera mnyamata wina amakonza njinga za kabaza pamsewu apa. Masipoko ndi oonda, ndiye mumaluka tsiku lonse chinthu osaoneka kukula kwake, izi palibe anandichenjeza.

Vuto langa lalikulu linali dzanja. Ndimakoka ulusi mwamphamvu moti mzere wachiwiri sipoko imakana kulowa, ndimachita kubaya ngati ndikusoka nsapato, chala mpaka chinatupa. Mayi aja anayang'ana ndikuseka, amvekere "mwana wanga, ulusi si mbuzi yoti ikuthawa, masula dzanjalo." Zinanditengera mawiki awiri kuti dzanja limve.

Nde kuwerenga! Ndinayamba ndi masitichi 96, chifukwa mkombero wa m'munsi uja, wotanuka uja, umalukidwa awiri kutsogolo awiri kumbuyo, ndiye nambala iyenera kugawika ndi 4. Nditaluka mizere ingapo ndikuwerenganso ndinapeza 103, ine kudabwa kuti asanu ndi awiriwa abadwa kuti. Kani posintha kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo ndimaiwala kudutsitsa ulusi pakati pa masipoko, umakwera pamwamba, ndipo paliponse wakwera pamabadwa sitichi yatsopano ndi kabowo kake. Ndinamasula katatu konse. Kachinayi ndinati basi zikhale momwemo, ena anaonjezereka ndinawasiya, ine si fakitale.

Bowo lalikulu lija linabwera usiku wina magetsi atazima, ndikuluka ndi tochi ya foni nditailuma pakamwa, sitichi imodzi inapulumuka ndikutsetsereka mizere isanu ngati makwerero. Ndinaiona mawa lake, ndinaikola ndi pini koma chipsera chinatsala. Ndimafuna ndisokerepo batani kuti pabisike, mayi aja anakaniratu, akuti batani pa chovala cha khanda ayi, likathothoka ameza.

Kumtunda kunali kophweka, mumangoluka masitichi awiri pamodzi kuti chizichepa, otsalawo ndikuwakoka ndi ulusi, kenako kusoka m'mbali. Msoko wanga wakhota ngati msewu wa ku Chiweta koma uli kumbuyo, sauoneka.

Lero ndakapereka ku Luwinga mtima uli phaphapha kuti mwina chakula kwambiri. Koma paja mwana naye sanandidikire, miyezi iwiri imeneyi mutu wakula, ndiye masitichi anga osochera aja ndi omwe apulumutsa zinthu, chamukwana ndendende. Alamu anangolowetsa chala pabowo paja ndikuti apa ndi popumira. Achimwene nawo akuti akufuna chawo chokaonera mpira ku Mzuzu Stadium, ndawauza adikire Juni wa chaka chamawa.