Nambala Yolembedwa Kuseri kwa Chithunzi

Anthu akamva kuti ndimasonkhanitsa zithunzi zaluso zimene ojambula anadzijambula okha, amadabwa kuti munthu angatayirenji ndalama pa chinthu chimene chingathe kutsukidwanso kambirimbiri. Yankho lagona pa nambala imene wojambula amalemba kuseri pamodzi ndi siginecha yake. Akalemba 3/10, ndiye kuti walonjeza kuti zithunzi zoterozo zilipo khumi zokha, ndipo chimene muli nacho ndi chachitatu. Pambali pa izi amasungako zochepa zolembedwa AP (artist's proof), zomwe ndi zake.

Mtengo wonse watsamira pa lonjezo limeneli. Chithunzi cha Cindy Sherman, wojambula wa ku America, chotchedwa Untitled #96, cha 1981, chinatsukidwa khumi, ndipo chimodzi chinagulitsidwa madola 3.89 miliyoni pa okushoni ya kampani ya Christie's mumzinda wa New York mu 2011. Komabe lonjezolo lili ndi mpata. Mu 2012 wosonkhanitsa wina anasumira William Eggleston, wojambula wa ku America, chifukwa chotsukanso zithunzi zake zakale pa mapepala aakulu, koma chaka chotsatira khoti linathetsa mlanduwo mokomera wojambulayo. N'chifukwa chake sindikhutira ndi nambala yokha, ndimafunsanso kuti chithunzicho chinatsukidwa pa masaizi angati, pakuti saizi iliyonse ingakhale ndi khumi lakelake.

Amene anandikopa mtima kwambiri ndi Samuel Fosso, wobadwira ku Kumba m'dziko la Cameroon mu 1962, amene anatsegula situdiyo yake ku Bangui, likulu la dziko la Central African Republic, mu 1975 ali ndi zaka 13 zokha. Masana ankajambula makasitomala, ndipo madzulo ankatsiriza filimu yotsala podzijambula yekha atavala mabuluku otambalala m'munsi ndi magalasi akuda, n'kutumiza zina kwa agogo ake ku Nigeria kuti aone kuti ali moyo ndipo akukula bwino. Zithunzi zimenezo sizinali malonda ayi. Dziko linazidziwa mu 1994 pa chionetsero choyamba cha zithunzi ku Bamako m'dziko la Mali, ndipo mu 2008 anatulutsa African Spirits, momwe anadzisandutsa Nelson Mandela, Patrice Lumumba, Angela Davis ndi ena.

Choncho wogula chithunzi chake cha paunyamata ayenera kufunsa zaka ziwiri, chaka chimene chinajambulidwa ndi chaka chimene pepala lili m'manjalo linatsukidwa, popeza nthawi zambiri zimatalikirana kwambiri. Ena amanyoza zotsukidwa mochedwa, koma ine sindiona vuto malinga ngati mwini wake anazivomereza ndi kusainira, ndipo wogulitsa akunena zoona.

Mu 2014, nkhondo ili mkati ku Bangui, achiwembu anathyola situdiyo ya Fosso n'kumwaza manegetivu ake, ndipo atolankhani ndi amene anatola ambiri mwa iwo. Kuyambira pamene ndinamva zimenezi, ndimapemphanso wogulitsa aliyense kuti alembe pa chikalata cha umboni amene akusunga negetivu kapena fayilo yoyambirira.