Mutu sunabwerere mwakale

Lero m'mawa ndinaima pakati pa msika wa Zomba, ndalama zili m'manja, osakumbuka chomwe ndabwerera. Mayi wogulitsa usipa mpaka anandifunsa kuti, "Achimwene, kwagwanji?" Ndinangoseka, koma mantha anandigwira.

Covid-19 inandipeza mu 2021. Chifuwa chinatha kalekale, koma kuiwalaiwala, kusowa tulo ndi mtima kungothamanga popanda chifukwa, izi zinatsalira. Fungo la ndiwo ndinayambanso kulimva patapita miyezi. Adokotala anandiuza kuti kachilomboka kamatha kusiya zotere ngakhale munthu atachira. Chomwe chimandiwawa n'choti ukadandaula, abale amangoti ndi maganizo chabe, azakhali iwo akuti ndinalodzedwa.

Ndakumbukira nditafika kale ku Matawale. Unali mchere.