Laputopu ya malemu

Lachitatu usiku. Ndangofika kumene kunyumba kuno ku Mufakose mu Harare, magetsi kulibe ndiye ndikulemba pa foni, batire ili pa 41, ikatha nkhani yathera pompo. Ntchito lero inali imodzi yokha koma thupi latopa ngati ndakhala ndikusenza matumba a mbatata ku Mbare Musika kuyambira mbandakucha.

Cha m'ma 10 koloko kwabwera mayi wina pa tebulo pathu paja, kashopu komwe timachita lendi anthu atatu kufupi ndi renki ya Copacabana. Wanyamula laputopu ya HP yakalekale atayikulunga m'chitenje ngati khanda. Wayamba m'chiShona monga aliyense, koma nthawi yomweyo amayi anga anandiimbira foni za mankhwala awo a BP ndiye ndinawayankha m'Chichewa, nditadula ndangoona mayi uja akundiyang'ana kenako akuti, "Kodi achimwene, ndinu a kumudzi?" Chichewa chake chopunduka, chotsamira ku chiShona, koma mawu akuti kumudzi anawatchula bwinobwino. Ifetu tonse timatero, ngakhale amene sanaponde ku Malawi chibadwire amati kumudzi.

Laputopu ndi ya bambo ake. Amwalira masabata atatu apitawo, anawaika ku Granville, kuja timangoti ku Mbudzi. Anali a ku Ntcheu, anabwera kuno ali mnyamata nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ija inayamba 1953 nkutha 1963, anagwira ntchito ya ukhuki kwa azungu zaka zambirimbiri, akuti adzapita kwawo akapeza ndalama, mpaka tsitsi kuyera. Mtchona weniweni. Laputopuyo anawatumizira mwana wawo wa ku Johannesburg ndipo mdzukulu ndi amene anawaphunzitsa kutsegula, amaonerapo mavidiyo a gule wamkulu ndi kwaya basi. Mayiyu amafuna zithunzi. Pasiwedi palibe akuidziwa, ndipo makinawo akayatsa akungolira kuti tki, tki, tki osafika pa Windows.

Phokoso limenelo ndimalidziwa. Mkati mwa hadi disiki yakale muli kambale kozungulira maulendo 5400 pa mphindi imodzi, ndi kadzanja kakang'ono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Kadzanjako kakayamba kusochera kamabwerera nkumagunda, ndiye kulira kuja. Disiki yotero ili ngati wodwala amene akupuma mobanika, ukamaiyatsayatsa ukuifulumizitsa, umayenera kuyamba ndi zofunika kwambiri chifukwa sudziwa ngati ikupatsanso mpata wachiwiri. Ndamasula tizomangira, ndaitulutsa, ndaiika m'kabokosi ka USB nkulumikiza ku kompyuta yanga. Kachitatu yaoneka.

Za pasiwedi anthu ambiri sadziwa, amaganiza kuti ndi loko wamkulu. Pa makina akale ngati amenewa, ngati disiki sinatsekedwe ndi encryption, njira ija yobisa mafayilo kuti asawerengeke popanda kiyi wake, pasiwedi ya Windows ndi chitseko chakumaso chabe, ine ndikachotsa disiki ndalowera kudenga ndipo zipinda zonse zili pululu. Chinthu chimenechi chimandiopsa ngakhale ndachichita kambirimbiri. Munthu amene sindinamuonepo, wagona ku Mbudzi, zake zonse zili patsogolo panga. Lamulo langa ndi loti foda imene sindinatumidwe sinditsegula, koma ndinganame kunena kuti mtima sukoka. Umakoka ndithu. Lero panali foda yolembedwa kuti "zanga", ndinaimika kamuvi pamenepo kanthawi, kenako ndinamuitana mayi uja kuti achemwali, bwerani muone, iyi titsegule kapena tiisiye. Anakhala chete, kenako anati tsegulani, ndi bambo anga.

Munalibe zithunzi. Munali mawu, mafayilo 27 ojambula, ena a mphindi ziwiri ena mpaka 20. Nditayatsa yoyamba mwadzaza kashopu mawu a nkhalamba, okhuthala, akutsokomola kaye kenako nkufunsa mdzukulu kuti kodi chayamba kujambula chinthuchi. Mayi uja anagwira m'mphepete mwa tebulo nkukhala pansi pa simenti pomwepo. Anzanga awiri aja, onse ndi aShona, anazimitsa wailesi popanda wowauza.

Bambowa amafotokoza njira ya kwawo. Akuti mukakwere basi pa Roadport, mukadinditse pa Nyamapanda, muwoloke Zambezi pa Tete, mukatuluke pa Zobue nkulowa pa Mwanza, mukafika pa Zalewa mukhotere kumpoto msewu wa ku Lilongwe. Kenako akutchula poti mutsikire, dzina la mfumu, dzina la mlongo wawo amene anatsala, kuti mukafunse ana a uje, kuti pali mtengo wa mkuyu pafupi ndi chitsime ndipo manda a amayi awo ali kuseri kwa dambo. Akutchula mfunda wawo, akubwerezanso kawiri kuti musadzaiwale. Eeh, ine khungu linachita tsembwe. Kaya mkuyuwo ulipobe, iwo anausiya kalekale, koma m'mawu mwawo unali chiimire ndi masamba ake.

Chimene chandipweteka kwambiri nchakuti mwana wawo samamva zonse. Amagwira apa ndi apo. Ndiye ndinakhala womasulira, ndikuimitsa fayilo nkumuuza m'chiShona zimene bambo ake omubereka akunena, ine mlendo. Malamulo a dziko lino la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, nzoona ndipo tinasangalala, koma m'nyumba zathu ku Mbare, ku Highfield, ku Mabvuku ana akuyankha agogo awo m'chiShona, ndipo sindingawadzudzule. Makolo ambiri anachita dala. Anatopa nkunenedwa kuti maBhurandaya, anthu opanda kwawo, anatopa ndi zitupa zolembedwa kuti alien, anati bola mwana angosungunuka pakati pa anzake. Chichewa chatsala ku tchalitchi cha CCAP, pa maliro ndi ku dambwe.

Anandiuzanso kuti laputopuyo anachita kuipempha. Tsiku logawa katundu wa malemu achibale anakangana, amalume ena amafuna foni, ena laputopu kuti akagulitse, iye anagwada kuti mundibwereke sabata imodzi yokha. Makina amenewa ngakhale utawapukuta bwanji sangapitirire madola 40. Palibe anafunsa kuti kodi mkatimo muli chiyani. Poyamba ndinapsa mtima nditamva, koma ndili mu kombi madzulo ndimaganiza kuti anthu amenewo si oipa, maliro amadya ndalama, bokosi, basi yonyamula anthu, ufa, nkhuni, ndipo mwina sosayiti ya maliro sinakwanitse zonse. Munthu amaona chimene angachigwire ndi manja. Ineyo ndagulapo malaputopu angati kwa anthu otero nkuwafufuta osafunsa? Sindikufuna nkuwerenga komwe.

Makinawa sadziwa kuti munthu wamwalira, ndi chimene chimandivuta. Mchimwene wanga anapita ndi Covid mu Julaye 2021, ndipo chaka chilichonse Facebook imandiuza kuti lero ndi tsiku lake lobadwa ndimufunire zabwino, ndiye pamabwera anthu amene sanamve za maliro nkumalemba kuti zaka zichuluke achimwene. Ndikudziwa kuti pali njira yoti akauntiyo aisandutse ya chikumbutso, ndathandizapo makasitomala kuchita zimenezo, koma yake ndimalephera, dzanja limakana. Mbali inayi makina omwewo amaiwala mopanda chisoni. WhatsApp imafufuta akaunti ikakhala masiku pafupifupi 120 osalumikizidwa, Google nayo inanena kuti akaunti yokhala zaka 2 osaigwiritsa ntchito ikhoza kuchotsedwa, laini ya foni imapatsidwa munthu wina. Tsiku lina ndinangoona chithunzi cha mtsikana wachilendo pa nambala ya mchimwene wanga, ndinakhala pabedi osadziwa choti ndichite ndi foniyo.

Ife kwathu imfa ili ndi dongosolo lake, pali adzukulu okumba manda, pali kugona pa siwa, pali kumeta, pakapita nthawi chiliza, aliyense amadziwa pomwe ayime ndi nthawi yoti kulira kuthe. Za pasiwedi ndi ma voice note palibe mwambo, makolo sanatisiyire, ndiye zimagwera munthu ngati ine wa sikuludiraiva amene sindine wachibale, sindine m'busa. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza nkukagwira ntchito m'mafamu a fodya, anatisiyira chitupa chimodzi ndi chithunzi chimodzi atavala jekete lobwereka. Mawu awo sindiwakumbukanso, ndimayesa usiku koma sabwera. Lero ndamuchitira nsanje mayi uja, ndikuvomera, nsanje yeniyeni, pomwe iye akulira pansi.

Disiki inandilola mafayilo 24. Atatu akanika, ikafika pamenepo imayamba kulira kuja nkuzimiririka. Zithunzi ndapulumutsa zambiri ndithu. Ndaika zonse pa fulashi, ndamuuza kuti akaikenso pa foni yake ndi kutumiza kwa mchimwene wake ku Johannesburg usiku womwe uno, chifukwa fulashi nayo imafa, ndiponso imatayika m'chikwama ngati batani. Anafunsa mtengo, ndinati angolipira fulashiyo, madola 5. Anakakamira, ndinakana, anapita nkubweranso ndi chakumwa cha Mazoe ndi mabanzi kuti tigawane atatu. Disiki ndatsala nayo, mawa ndiyesanso atatu aja mmawa kusanatenthe.

Posachedwapa wanditumizira meseji, akuti achimwene pa fayilo ya nambala 9 kumapeto bambo akuseka, akuti chani pamenepo? Ndamvetsera kawiri ndi ma earphone mumdima muno. Akunena za tsiku limene ananyamuka kwawo, kuti amayi awo anawamangira chimanga chokazinga ndi mtedza pakansalu kuti adye panjira mpaka ku Salisbury, Harare wa lero, iwo anamaliza zonse asanatuluke nkomwe m'boma la Ntcheu. Ndamulembera m'chiShona, kenako ndalembanso m'Chichewa mmene anayankhulira eni ake, kuti akhale nazo zonse ziwiri. Zaonetsa kuti wawerenga, sanayankhe. Batire ili pa 12.