Mmene ndinafikitsira WiFi kuchipinda chathu cha kuseri

Nyumba zambiri zomwe timachita lendi kuno ku Johannesburg n'zomangidwa mofanana: nyumba yaikulu kutsogolo, zipinda za alendi kumbuyo. Kwathu ku Rosettenville faiba, chingwe chobweretsa intaneti, inalowera m'nyumba yaikulu momwe amakhala achimwene anga, ndipo rauta, kabokosi kotulutsa WiFi, ili pabalaza pawo. Ine ndi banja langa timagona kuseri. Pakati pathu pali bwalo ndi makoma a njerwa ziwiriziwiri, moti foni inkaonetsa kanzere kamodzi, ndipo kuimbira mayi ku Mangochi pa WhatsApp kunkafuna kukaimirira panja pafupi ndi zenera la achimwenewo.

Ambiri amathamangira kugula repeater, kachipangizo kofikitsa WiFi patali, chifukwa n'njongobaya pasoketi. Ine sindiilimbikitsa. Iyo imamva uthenga kenako n'kuubwereza pa wailesi yomweyo, choncho liwiro limatsika mpaka pafupifupi theka, komanso ikaikidwa pamalo pomwe netiweki yafooka kale imangobwereza zofookazo. Tizipangizo todutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi timavutanso ngati kuseri kuli bokosi lakelake la magetsi. Njira yodalirika ndi chingwe cha Ethernet chochokera pa rauta, kukathera pa access point, kachipangizo kotulutsa WiFi, kuseriko.

Ndinayamba ndi mwininyumba, poti panali zobowola khoma. Atavomera, ndinayeza njira yonse ndi tepi, osati molunjika koma motsata khoma, kukwera ndi kutsika komwe, n'kuwonjezerapo mamita angapo. Malire a Ethernet ndi mamita 100, ndipo nyumba zathuzi sizifikako.

Pogula chingwe m'pofunika maso. Chingwe cha mtundu wa Cat5e chimakwanitsa liwiro la gigabit (1,000 Mbps), cha Cat6 ndiye chili ndi mpata wochulukirapo, zonse n'zabwino. Chofunika kuwerenga ndi zomwe zalembedwa pakhungu lake. Mukaona zilembo za CCA, dziwani kuti mkati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa. N'chotchipa, koma chimathyoka msanga ndipo si chabwino podutsitsa magetsi. Pemphani cha kopa yekhayekha. Poti changa chimadutsa panja, ndinagula chakuda chopirira dzuwa, n'kuchilowetsanso m'paipi ya pulasitiki ija amagwiritsa ntchito a zamagetsi. Dzuwa la kuno silichedwa kung'alula chingwe cha m'nyumba. Musachilowetse m'paipi imodzi ndi mawaya a magetsi. Ndipo pobowola khoma, bowo lipendekere kunja kuti madzi a mvula asatsate chingwe n'kulowa m'nyumba.

Kumanga mitu ya RJ45, timapulagi ta kumapeto kwa chingwe, ndiye kumaopsa anthu, chonsecho n'kongofuna kufatsa. Mkati mwa chingwe muli timawaya 8, ndipo dongosolo lomwe ambiri amatsata ndi la T568B: koyera ka mizere ya olenji, ka olenji, koyera ka mizere yobiriwira, ka buluu, koyera ka mizere ya buluu, kobiriwira, koyera ka mizere ya bulauni, ka bulauni. Mbali zonse ziwiri zifanane. Chopanira mitu ndinabwereka kwa mnyamata wina wa ku Mzimba woika makamera m'nyumba za anthu, yemwe anandibwerekanso kachipangizo koyesera. Magetsi ake onse 8 ayake motsatana. Izi musazinyozere, chifukwa kawaya kamodzi kakapanda kugunda bwino intaneti imatha kuyendabe, koma pa 100 Mbps m'malo mwa gigabit, inu osadziwa.

Access point yeniyeni sindinagule. Achimwene anali ndi rauta yakale m'kabati, ndipo rauta ngati imeneyo itha kugwira ntchitoyi. Apa ndiye pagona nkhani yonse. M'nyumba imodzi wogawa maadilesi azikhala mmodzi, monga paukwati sapatsa anthu awiri udindo wogawa nyama. Ntchito yogawayo imatchedwa DHCP, ndipo iyenera kutsalira rauta ya pabalaza.

Ndinalumikiza rauta yakaleyo ku laputopu, isanakhudzane ndi inzake, n'kutsegula tsamba lake pogwiritsa ntchito adilesi yolembedwa kunsi kwake. Marauta ambiri atsopano, monga a TP-Link, ali ndi posankha kuti ikhale access point, mukangodina basi zatha. Yathuyi inalibe, ndiye ndinachita pamanja. Rauta yaikulu ili pa 192.168.0.1, choncho yakaleyo ndinaipatsa 192.168.0.2, nditatsimikiza kuti adilesiyo ili kunja kwa zomwe yaikulu imagawa. Kenako ndinazimitsa DHCP. Chingwe chochokera kutsogolo ndinachibaya pa bowo lolembedwa LAN, osati lolembedwa WAN. Mukabaya pa WAN DHCP ili yoyaka, intaneti ibwera ndithu, koma mwapanga manetiweki awiri, ndipo laputopu ya kutsogolo siionanso pirinta kapena TV ya kuseri.

Dzina la WiFi ndi pasiwedi ndinaika zofanana ndi za kutsogolo, chitetezo chakenso WPA2 mbali zonse, kuti foni izisamuka yokha munthu akamayenda. Matchanelo ndiwo ayenera kusiyana. Pa 2.4 GHz osaponderezana ndi 1, 6 ndi 11, ndiye kutsogolo ndinasiya 1, kuseri 11. Mafoni ena ndi amakani, amakakamira rauta yakutali ngakhale ina ili pamphuno. Kuchepetsako mphamvu ya wailesi ya kutsogolo kunathandiza. Rautayo ndinaikhomera m'mwamba pakhoma, kutali ndi filiji ndi microwave.

Zotsalazo n'zokhudza Johannesburg weniweni. Magetsi akathima, kaya ndi load shedding ya Eskom kaya vuto la m'dera, zipangizo zofuna moto ndi zitatu tsopano: kabokosi ka faiba, rauta, ndi ya kuseriyo. Ka UPS (batire yosungira magetsi) kakang'ono ka 12V komwe achimwene anali nako kamasamala ziwiri zoyambazo, ine ndinagula kangakanga. Mukagula access point ya PoE, moto umayenda m'chingwe chomwecho, ndiye zonse mutha kuzidyetsa kuchokera kutsogolo, bola UPS yanu ikhale yotulutsa PoE yogwirizana nayo.

Chinanso ndi ziphaliwali. Kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi mvula ya kuno imabwera masana ndi mabingu oopsa. Faiba ndi galasi, siitenga mphenzi, koma chingwe cha kopa cholumikiza nyumba ziwiri chimatha kuitenga n'kupsereza marauta onse. Ndinaika zotetezera za Ethernet mbali zonse ziwiri, zolumikizidwa ku waya wa earth. Ngakhale zili choncho, kumwamba kukangoda ndimatumiza uthenga: "Achimwene, zulani chingwe chija." Iwo amazula kwawo, ine kwanga, mpaka mvula itadutsa.